Boti la Matabwa Lokhoma Pakhomo: Mawu kwa Achikumbi a Kunyanja

Achikumbi anzathu a m'boma la Mangochi, makamaka inu okhala m'mbali mwa mtsinje wa Shire, m'mphepete mwa nyanja ya Malombe ndi m'magombe a kumwera kwa nyanja yaikulu, mwezi uno tifuna kukamba nanu nkhani imene ena adzayesa kuti si ya ulimi. Nkhaniyo ndi ya boti. Ife alangizi tinena kuti mlimi wa kunyanja amene afuna choyendera pamadzi achita bwino kukhoma boti laling'ono la matabwa pakhomo pake, lopalasa ndi nkhafi ziwiri, kusiyana ndi kugwetsa mtengo waukulu kuti aseme bwato. Tinenanso kuti ntchito imeneyi siiposa nzeru za munthu amene adziwa kumanga chigafa cha fodya chosapendama kapena nkhokwe yosalowa mvula. Mverani zifukwa zathu, ndipo yense aweruze yekha.

Mlimi alifuniranji boti?

Kwathu kuno munda ndi madzi zili pafupi kwambiri. Ambiri a inu muli ndi munda wa chimanga kumtunda ndiponso dimba kutsidya kwa mtsinje kapena m'dambo la m'mbali mwa Malombe. Mbewu, feteleza ndi manyowa ziyenera kupita kudimbako, ndipo chimanga, mbatata ndi masamba ziyenera kubwerako. Wosowa choolokera asenza pamutu ndi kuzungulira mtunda wautali kukafuna mlatho, kapena alipira mwini bwato ulendo uliwonse, ndipo phindu la dimba lithera m'njira.

Komanso madzi a kuno sakhala malo amodzi. Pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri, kotero kuti Shire anatsala pang'ono kuleka kuyenda, ndipo anthu analima m'kati mwa Malombe pamene lero aponyapo maukonde. Pambuyo pake madzi anabwerera m'malo mwake. M'Januwale 1915 panalibe woganiza za chigumula, koma m'Januwale 2015 madzi anasefukira m'maboma ambiri a chigawo cha kumwera, ndipo Mangochi anali m'gulu lomwelo. M'Malichi 2023 namondwe wa Freddy anadula misewu ndi milatho, ndipo mu 2024 nyanja inakwera kufikira kulowa m'nyumba ndi m'minda ya m'magombe. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa. Pa masiku otere mudzi wokhala ndi boti ukhoza kusamutsa ana, nkhalamba ndi mbewu za chaka chamawa, ndi kuolotsa wodwala kuti akapeze galimoto lopita kuchipatala.

Ndipo tisaiwale ndiwo. Mlimi wokhala ndi boti, mbedza ndi miono ingapo sagulitsa chimanga cha m'nkhokwe kuti agulire banja lake nsomba.

Mtengo wa bwato uchokera m'munda mwanu

Sitinyoza bwato losema. Makolo athu anaoloka nalo Shire ndi kupha nalo chambo mibadwo yambiri, ndipo wosema waluso ndi mmisiri woyenera ulemu. Koma taganizani chimene chichitika posema. Pafunika thunthu limodzi lalikulu, loongoka, la mtengo umene unamera agogo athu asanabadwe. Wosema aukumba ndi nkhwangwa ndi kasemasema kufikira patatsala khungwa lokhuthala chabe, ndipo gawo lalikulu la thunthulo lisanduka zipalapala zosonkhera moto. Thunthu lomwelo likanachekedwa matabwa likanakwanira maboti angapo, ndi kutsalakonso za chitseko.

Kale mibawa ikuluikulu inali yambiri m'mbali mwa mitsinje. Pamene inayamba kusowa, osema anatembenukira ku mitengo ina, monga mivunguti, mango ndi misangu. Apa ndi pamene nkhani ya bwato ikhudza mlimi wa chimanga. Msangu ndi mtengo wodabwitsa: uyoyola masamba ake mvula ikayamba, pamene mitengo ina iphuka, ndipo uphuka m'chilimwe. Chifukwa chake suphimba chimanga ndi mthunzi m'dzinja, masamba ake aolera m'nthaka nakhala manyowa, ndipo nyemba zake zidyetsa mbuzi ndi ng'ombe pa nthawi imene msipu wauma. Yense wa inu amene ali ndi msangu m'munda mwake adziwa kuti chimanga cha pansi pake chikhala chobiriwira ndi cha zitsononkho zazikulu, ngakhale chaka chimene feteleza wasowa. Kugwetsa msangu wotere chifukwa cha bwato ndiko kugulitsa chonde cha zaka makumi ambiri posinthana ndi choyendera cha zaka zowerengeka, pakuti mtengo wa msangu ndi wofewa ndipo sukhalitsa m'madzi.

Inu alimi a fodya mudziwa kale kuvuta kwa mitengo. Chigafa chifuna mapolo ndi mphanda, ndipo fodya wa chikopa ndi wa m'balani afuna nkhuni zochuluka. Mitengo ikuluikulu imene yatsala ndi yochepa, ndipo imene iimirira m'mbali mwa mitsinje ndiyo igwira nthaka kuti isakokoloke. Lamulo la Nkhalango la 1997 liteteza mitengo yachilengedwe, ndipo munthu sayenera kudula mbawa kapena mlombwa popanda chilolezo. Boti la matabwa silifuna thunthu lalikulu. Likhomedwa ndi matabwa a mitengo yobzala, imene munthu akhoza kubzala yekha ndi kuikolola iye ali moyo.

Luso limeneli si lachilendo kuno

Ena adzati matabwa ndi za Azungu. Zoona, boti lopalasa linadutsa pano ndi mlendo. Mu 1861 David Livingstone ndi anzake anabwera ndi boti la nkhafi zinayi, limene anthu analisenza kulambalala mathithi a Shire, ndipo atalibwezera m'madzi anadutsa Malombe nalowa m'nyanja yaikulu m'Seputembala chaka chomwecho. Koma mu 1863 Livingstone yemweyo anapeza anthu akukhoma chombo cha matabwa ku Nkhotakota, kwa Jumbe, ndipo mfumu Makanjira nayonso inali ndi zombo zake kutsidya la kum'mawa. Zombozo zinanyamula minyanga ndi akapolo, malonda oipa amene anatha, koma zombo za matanga zinapitirira kuyenda panyanja zaka zambiri pambuyo pake.

M'masiku a pambuyo Dipatimenti ya za Nsomba inakhazikitsa malo okhomera maboti ku Mpwepwe, m'boma lathu lomwe lino, pamodzi ndi sukulu yophunzitsa za usodzi. Lero mukayenda m'madoko a ku Malombe, ku Malindi, ku Msaka kapena ku Chembe mudzaona maboti a matabwa okhomedwa ndi amisiri a m'midzi, pansi pa mtengo, ndi zipangizo wamba. Aphunzitsi ali pafupi nanu. Musanagule thabwa ngakhale limodzi, pitani padoko, yang'anani boti lokhomedwa bwino m'kati ndi kunja, ndipo chezani ndi mmisiri wake. Safunsa anadya phula.

Matabwa ndi zipangizo

Boti limene tinena pano ndi la pansi pophwatalala, losongoka kutsogolo ndi lodulidwa kumbuyo. Litalika mafiti 14, ndiko kunena mamita 4 ndi pang'ono. Pakati pake litambalala mafiti 4 pamwamba ndi mafiti 3 pansi, ndipo mbali zake zikhala za msinkhu wa mainchesi 18, kapena masentimita 45. Boti la mtundu uwu ndi losavuta kukhoma kuposa lozungulira pansi, ndipo liyenda m'madzi osaya a m'mabango.

Kale amisiri anakonda mkungudza wa ku Mulanje chifukwa suola msanga, koma mtengowo watsala pang'ono kutheratu m'phiri muja, ndipo wokugulitsani thabwa la mkungudza lero mumkane. Pa mbali ndi pansi pa boti gulani matabwa a paini, a m'nkhalango zobzala monga za ku Zomba, ku Dedza kapena ku Chikangawa. Paini ndi wopepuka ndipo apindika mosavuta, koma aola msanga ngati samatidwa phula. Sankhani matabwa oongoka, opanda mfundo zikuluzikulu ndi opanda ming'alu, okhuthala pafupifupi inchi imodzi asanapalidwe. A m'mbali akhale anayi, aatali mafiti 16, pakuti thabwa likapindika lifupika. A pansi akhoza kukhala zidutswa zazifupi, zimene zigulidwa motchipa. Mtengo wolimba ufunika pang'ono chabe: wa kutsogolo, wa nthiti ndi wa msana wa pansi.

Tsono nayi mfundo imene ambiri alakwitsa. Thabwa laliwisi lili ngati fodya wosauma: looneka bwino lero, loononga katundu mawa. Likakhomedwa lisanaume lifota padzuwa, ndipo mipata itseguka. Fodya akapita kumsika chigafa chanu chikhala chopanda ntchito. Sanjani matabwa m'menemo, pamwamba pa mitengo kuti asakhudze nthaka, muike timitengo topingasa pakati pa thabwa ndi linzake kuti mphepo idutse, ndipo mutsendereze pamwamba ndi miyala kuti asapotoke. Aumire pamthunzi miyezi itatu kapena inayi. Wogula matabwa mu Meyi kapena Juni ndi ndalama za fodya adzakhoma boti mu Seputembala kapena Okutobala.

Zipangizo zake ndi izi: sowo, nyundo, chopalira matabwa, choboolera, chingwe cholimba ndi tepi yoyezera. Pa misomali musaumire ndalama. Msomali wamba uchita dzimbiri m'madzi, uoletsa thabwa pozungulira pake, ndipo tsiku lina thabwa lizuka muli pakati pa mtsinje. Funani misomali yokutidwa kuti isachite dzimbiri, kapena ya mkuwa ngati ipezeka. Mufunanso phula, thonje kapena nsanza zoyera, ndi penti wa mafuta.

Kakhomedwe kake

Sankhani malo osalala pamthunzi. Poyamba konzani zinthu zitatu: mtengo wa kutsogolo, wosemedwa mbali ziwiri ngati mphanda ya nkhwangwa kuti matabwa a kumanzere ndi a kumanja akumane pamenepo, thabwa lokhuthala la kumbuyo, lotambalala pafupifupi mafiti 3 pamwamba, ndi chimango cha pakati, cha mafiti 4 pamwamba ndi mafiti 3 pansi. Chimangochi chigwira ntchito yonga ya chikombole cha njerwa. Chipatsa boti maonekedwe ake, ndipo chidzachotsedwa nthiti zikalowa.

Khomani matabwa awiri a m'munsi ku mtengo wa kutsogolo, limodzi mbali iyi, lina mbali inayo. Ikani chimango pakati, ndipo kokani mapeto a matabwawo kuti afike ku thabwa la kumbuyo. Kokani pang'onopang'ono, mbali zonse pamodzi, ndi chingwe chozunguliza kawiri chimene muchipotokola ndi kamtengo. Thabwa likakana, likulungeni ndi masaka ndi kuthirapo madzi otentha, ndipo lidzafewa. Musanakhome kumbuyo, tambasulani ulusi kuchokera pakati pa mtengo wa kutsogolo kufika pakati pa thabwa la kumbuyo. Ulusiwo uyenera kudutsa pakati penipeni pa chimango. Ukapanda kutero boti lapotoka, ndipo boti lopotoka lizungulira ngati nkhuku yodwala chitopa, wopalasa natopa pachabe.

M'kati mwa matabwa a m'munsiwo, m'mphepete mwa pansi, khomani timitengo tiwiri tatitali kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Timeneti ndito tigwira misomali ya matabwa a pansi. Kenaka gadamitsani botilo, palani m'mphepete monse kuti thabwa likagonekedwa likhudze mbali zonse ziwiri popanda mpata, pakani phula lotentha ndi kuyalapo kansanza konyika m'phula. Khomani matabwa a pansi mopingasa, kuyambira kumbuyo kunka kutsogolo. Asapitirire mainchesi 6 m'lifupi, pakuti thabwa lotambalala kwambiri litupa ndi kufota kwambiri. Pakati pa thabwa ndi linzake siyani kampata kolowa kamtengo ka machesi. Mtengo wouma utupa ukalowa m'madzi, ndipo mukaupanikiza wopanda malo otupira udzatukuka ndi kuzula misomali. M'timipatamo lowetsani thonje lopota, mosakakamiza, ndi kumata phula. Pomaliza khomani mtengo wolimba pakati pa pansipo, kuchokera kutsogolo kufika kumbuyo. Uwu ndiwo msana wa boti, umene ulandira mchenga ndi miyala pokokera kumtunda.

Tembenuzani botilo tsopano. Ikani nthiti m'mbali, imodzi pa mafiti 2 alionse, ndipo khomani matabwa awiri a pamwamba kotero kuti lililonse liphimbe la m'munsi ndi inchi imodzi ndi theka, phula lili pakati. Msomali uliwonse uyambe waboolerwa kabowo kuti thabwa lisang'ambike, ndipo nsonga yake yotulukira m'kati ipindidwe ndi kubwezedwa m'thabwa. M'mphepete mwa pamwamba kulungani ndi kamtengo katali kolimbitsa. Mipando ikhale itatu, yopingasa: wa kutsogolo, wa pakati ndi wa kumbuyo. Mipandoyi ndiyonso igwira mbali za boti kuti zisatambasuke, chifukwa chake ikhomedwe zolimba ku nthiti, ndipo ikhale m'munsi, monga mainchesi 7 kuchokera pamwamba.

Nkhafi zikhale ziwiri, zazitali mafiti 8, za mtengo woongoka wopanda mfundo. Wopalasa akhala pa mpando wa pakati, nkhope yake italoza kumbuyo kwa boti. Patsogolo pake, monga futi imodzi kuchokera pa mpandowo, zikani chikhomo cholimba mbali iliyonse ndi kumangirirapo nkhafi ndi kachingwe. Kupalasa kotere kudzaoneka kwachilendo masiku oyamba, koma kugwiritsa ntchito miyendo ndi msana pamodzi ndi mikono, kotero kuti munthu mmodzi ayendetsa katundu amene m'bwato akanafuna opalasa awiri.

Pakani phula pansi ndi m'kati, penti m'mbali, ndipo ziume. Likalowa m'madzi tsiku loyamba boti lidzadontha. Musataye mtima. Lisiyeni m'madzi osaya masiku atatu kapena anayi kuti matabwa atupe, kapani madzi, ndipo pamene padonthabe mumatepo.

Katundu woyenera

Boti liyandama chifukwa likankha madzi olemera molingana ndi ilo lomwe pamodzi ndi katundu wake. Lita imodzi ya madzi ilemera kilogalamu imodzi. Pansi pa boti la muyeso tatchulawu ndi potambalala kotero kuti thumba lililonse la chimanga la makilogalamu 50 lilimiza ndi masentimita 2, ndiko kufanana ndi m'lifupi mwa chala chachikulu. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Boti lokha lilemera monga matumba atatu, ndiye masentimita 6. Anthu awiri akuluakulu aonjeza monga masentimita 5. Matumba anayi a chimanga aonjeza 8. Zonse pamodzi ndi masentimita 19, ndipo pa mbali ya masentimita 45 patsala 26 pamwamba pa madzi. Apo mpabwino.

Lamulo lathu ndi ili: theka la mbali ya boti, kapena kuposerapo, likhale pamwamba pa madzi nthawi zonse. Jambulani mzere wa penti wofiira kunja, masentimita 20 kuchokera pansi, ndipo mzerewo ukabisika m'madzi wina atsike kapena thumba litsale. Ngakhale apemphe ndi apongozi, mzere suchita manyazi. Maulendo awiri aposa maliro amodzi. Katundu agone pansi, pakati pa boti, ndipo anthu akhale pansi osaimirira. Fodya wouma ndi feteleza zikhale pa timatabwa tokweza ndi zofundidwa, pakuti m'boti simusowa madzi pang'ono.

Pansi pa mipando mangirirani zigubu zopanda kanthu zotseka bwino. Chigubu cha malita 20 chinyamula pafupifupi makilogalamu 20 m'madzi, ndipo zinayi zotere zithandiza boti lodzala madzi kuti lisamire, anthu nagwirira m'mbali mwake kufikira thandizo lifike. Chokapira madzi chimangiriridwe ndi chingwe, ndipo amene akhoza kugula majekete oyandamitsa agule, kuyambira a ana.

Kumene boti ili liyenera kuyenda

Tinene mosabisa: boti laling'ono la pansi pophwatalala ndi la mumtsinje, la m'madambo, la m'mbali mwa Malombe ndi la m'magombe obisika a nyanja yaikulu pa tsiku la bata. Si la pakati pa nyanja. Inu eni nyanja mudziwa mphepo zake: mwera wochokera kumwera m'miyezi yozizira, kuyambira Meyi kufika Ogasiti, mpoto wa m'nyengo ya mvula, vuma wa kum'mawa ndi zambwe wa kumadzulo. Malombe ndi nyanja yosaya, ndipo madzi osaya autsa mafunde aafupi, otsatana, amene alowa m'boti msanga.

Nyanja yamiza zazikulu kuposa boti lanu. Mu 1895 Bishopu Chauncy Maples anamira pamene boti limene anakwera linagubuduzika ndi mphepo. Pa 30 Julayi 1946, m'nyengo ya mwera, sitima ya Vipya inamira kumpoto kwa nyanja ndipo anthu 145 anafa. Chikumbutso chawo chili m'tauni ya Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi. Mukapita kuboma kaimeni pamenepo pang'ono. Yendani m'mawa mphepo isanadzuke, tsatani gombe, ndipo musayende usiku. Mu Shire ndi m'Malombe muli mvuu ndi ng'ona. Lambalalani patali pamene mvuu zikhala, makamaka yokhala ndi mwana, ndipo ana asalendewetse manja m'madzi.

Mawu a otsutsa

Wina adzati: boti lidya ndalama, pamene bwato lifuna mtengo ndi mphamvu chabe. Nzoona kuti matabwa, misomali ndi phula zigulidwa. Koma thunthu la bwato lero silipezekanso kuseri kwa nyumba. Ligulidwa kutali, wosema alipidwa, ndipo kulikoka kufika kugombe kufuna ngolo kapena gulu la anthu. Ndipo palibe chokakamiza kuti banja limodzi lisenze zonse. Mutu umodzi susenza denga. Mabanja atatu kapena anayi olima madimba oyandikana asonkhe, agwirizane pamaso pa a mfumu za masiku a aliyense ndi za ndalama zokonzera, ndipo zilembedwe.

Wina adzati: bwato ndi lolimba, ulikoka pamiyala osasweka, pamene boti lifuna kulera ngati khanda. Apa pali choonadi. Boti lifuna phula chaka ndi chaka, ndipo likasiyidwa padzuwa nthawi yaitali liuma ndi kutseguka. Koma thabwa limodzi likaola lichotsedwa, lina lilowa m'malo mwake. Bwato likang'ambika kuchokera kumutu, ngakhale mulimate ndi malata, masiku ake atha, ndipo mtengo wina uyenera kugwa.

Wina adzati: kodi si maboti a matabwa amene anatha chambo m'Malombe? Funso ili ndi lolemera. Chambo cha m'Malombe chinachepa koopsa m'zaka za m'ma 1980 ndi kuchiyambi kwa za m'ma 1990, ndipo makoka a nkacha, okokedwa ndi maboti a matabwa, anali ambiri m'nyanjamo. Chifukwa cha vutolo, mu 1993 anayambitsa makomiti a m'madoko ku Malombe ndi kumtunda kwa Shire, kuti asodzi ndi mafumu asamale nsomba pamodzi ndi Boma, ndipo Lamulo la Nsomba la 1997 linavomereza kuti anthu a m'midzi atengeko mbali pa ntchitoyi. Chimene chipha nsomba zazing'ono ndi kuononga malo oswera ndi ukonde wa maso aang'ono, ndi kusodza m'miyezi yotsekedwa. Mlimi wokhala ndi boti amvere komiti ya padoko pake, atenge chiphaso cha chida chimene lamulo lifuna chiphaso, ndipo neti ya udzudzu ikhale pa mphasa ya ana, osati m'madzi. Wofuna kuolotsa anthu molipiritsa ayambe wafunsa kwa akuluakulu oyang'anira za maulendo a pamadzi, pakuti ntchito imeneyo ili ndi malamulo akeake.

Munda poyamba

Chotsiriza ndi ichi, ndipo ndicho chitikhudza ife alangizi koposa. Taona amuna ena amene atapeza choyendera pamadzi anasiya khasu m'manja mwa akazi ndi ana, iwo nagona kudoko. Banja lotere lidya nsomba mu Novembala ndi kugona ndi njala mu Febuluwale. Seputembala ndi Okutobala, miyezi imene tati mukhome boti, ndiyonso miyezi yososa, younga mizere ndi yosamala nazale ya fodya. Khasu litenge m'mawa, nyundo itenge madzulo. Mvula yoyamba ikagwa munda ukhale wokonzeka, ngakhale boti litsale lopanda mipando.

Ndipo amene wakhoma boti abweze mitengo imene wadya. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno iyamba pa 15 Disembala kufika pa 15 Epulo. Bzalani malaina ndi bulugamu pa malo osalimidwa, kutali ndi chitsime ndi dimba, bzalani mibawa m'mbali mwa mtsinje, ndipo timisangu tomera tokha m'munda mutisiye tikule, muzilambalala polima. Mwana amene lero akugwirirani thabwa pokhoma adzafuna matabwa a boti lake, ndiponso munda wobala chimanga. Amene afuna kuona miyeso yojambulidwa papepala, kapena kudziwa kumene mbande zipezeka, aonane ndi mlangizi wa dera lake.